Bokosi Lamagetsi la Telala

Lachiwiri, pa 14 Meyi

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, komanso kuti bondo lija lasiya kukuvutani m'mawa. Achimwene anandiuza kuti mwayamba kuyenda mpaka pageti popanda ndodo, ndipo ndinasangalala kwambiri. Ife kuno tilipo. Ndalemba kuti "tilipo" osati "tili bwino", chifukwa mawu oti tili bwino ndakhala ndikukuuzani pa foni Lamulungu lililonse kwa chaka chathunthu, ndipo theka lake linali bodza. Pa foni munthu umathawa msanga, umangoti mawu akuduladula. Papepala palibe kothawira, n'chifukwa chake ndasankha kulemba. Khalani bwino pampando, nkhani yake ndi yaitali ndipo muli mawaya ambiri.

Mkamwini wanu akudwala. Si matenda ogoneka munthu, ayi. Amadzuka, amadya, amaseka, ndipo mutawaona mungati ndikunama. Koma dzanja lawo lamanja limanjenjemera. Ndinayamba kuzindikira ndi kapu ya tiyi: anasiya kuidzaza, ankangothira theka. Kenako anayamba kuyenda dzanja lili m'thumba ngati bwana. Tsiku lina ndinalowa m'shedi mwawo muja, kuseri kwa nyumba, n'kupeza chikwangwani cha sukulu ya mkaka chimene ankasema atachitembenuzira kukhoma. Nditachitembenuza ndinaona zilembo zitapendama, ndipo pachilembo chimodzi tchizulo chinali chitaterereka n'kudya thabwa mpaka m'mphepete. Munthu amene wasema zitseko ndi mipando zaka makumi awiri ndi zisanu, Bambo. Ndinachibwezera mmene chinaliri n'kutuluka mwakachetechete.

Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda a m'mitsempha, oyenda pang'onopang'ono, ndipo mankhwala amangowachedwetsa, sawachotsa. Tikutuluka pakhomo la chipatalacho anandiuza kuti, "Apongozi asamve. Anandipatsa mwana wawo poona manja angawa." Ndinavomera. Kuyambira pamenepo anasiya kulandira ntchito zosema. Ankangokhoma mabenchi ndi mashelefu, zinthu zimene kale ankati ndi za ophunzira. M'shedi munayamba kukhala zii kuyambira masana.

Ine ndikadali pa utelala wanga, pakhonde lomwe lija la sitolo. Pali kasitomala wanga wina, dokotala wa mano, amene chaka ndi chaka amabweretsa mathalauza kuti ndiwakulitse m'chiuno. Tsiku lina ndikumuyeza anadandaula kuti mkazi wake wamuuza asankhe: chitsulo chili m'galaja chituluke, apo ayi atuluke iye. Ndinafunsa kuti chitsulo chanji. Akuti makina osema matabwa oyendetsedwa ndi kompyuta, amene ankapanga yekha masiku opuma pongofuna kudzisangalatsa. Munthu umajambula chithunzi pa kompyuta, makinawo n'kumayendetsa kampeni kozungulira pathabwa, uku ndi uku, kutsogolo ndi kumbuyo, pansi ndi m'mwamba, mpaka chithunzicho chituluke.

"Nanga amasema bwino?" ndinafunsa.

"Sanasemepo kanthu, mayi. Thupi lake ndinamaliza, koma nditafika pa mawaya mutu unaima. Mano m'kamwa alimo makumi atatu ndi awiri basi. Mawaya aja sindikudziwa kuti ndi angati."

Ndinaiwala kulemba muyeso wa chiuno chake. Loweruka lomwelo makinawo anafika pakhomo pathu, ndipo dokotalayo anandithokoza ngati ndamuchotsa munga kuphazi.

Mkamwini wanu anawazungulira kawiri, dzanja lili m'thumba. Ndi tebulo lachitsulo lalikulu ngati chitseko chogoneka, lokhala ndi mlatho woyenda pamwamba pake. Kenako anati, "Ndiye mwandipezera wolowa m'malo, a Telala?"

"Ndakupezerani wantchito," ndinatero.

"Wantchito wopanda maso."

Analola kuti akhale pakona pafupi ndi zenera, koma tsiku lotsatira ndinapeza atawafunditsa chinsalu chakale n'kuikapo zitini za vanishi pamwamba.

Pamodzi ndi makinawo panabwera katoni yodzaza. Munali bokosi lachitsulo lotuwa lokhala ndi chitseko, lopanda kanthu m'kati. Munali kabokosi kosandutsa magetsi a pakhoma kuti akhale ofooka, ndi timabokosi titatu takuda totchedwa madiraiva, kalikonse koyendetsa mota imodzi. Munali kathabwa kobiriwira kolandira malamulo kuchokera ku kompyuta, ndi inveta yoyendetsa mota yaikulu yozunguza kampeni. Munalinso fani, batani lofiira lalikulu ngati bowa, ndi mawaya opiringizana ngati ulusi umene mphaka waseweretsa. Ndinakhala pansi pa utuchi n'kumatulutsa chimodzichimodzi, ndipo ndikuuzeni zoona, sindinachite mantha. Ndinamva njala yofuna kudziwa kuti chilichonse chimalankhula bwanji ndi chinzake.

Tsopano mukudzifunsa kuti telala anadziwa bwanji poyambira. Apa pali bodza lachiwiri, ndipo ili ndi lakale kuposa loyamba lija. Kope lanu lachikuto chobiriwira, lija munkajambulamo mabokosi amagetsi a m'mafakitale, lili kuno. Ndinalitenga ine tsiku limene tinkalongedza katundu wanu kuti musamukire kwa achimwene, zaka zitatu zapitazo. Ndinalibisa pansi pa nsalu m'chikwama changa.

Mlamu, ndikudziwa kuti ndinu mukuwawerengera Bambo kalatayi, poti maso awo sakuonanso zilembo zazing'ono. Ndikudziwanso kuti zaka zitatu zonsezi mwakhala mukunenedwa kuti munataya kopelo pamodzi ndi manyuzipepala akale. Tsiku lina Bambo ankakunenani ine ndili pomwepo, ndipo ndinangoyang'ana pansi. Pepani, mlamu wanga. Ngati mukufuna kuima kaye apa kuti munditukwane, imani, kalata sithawa.

Sindinalitenge ndi cholinga chilichonse, Bambo. Ndinkangolifuna. Muli kukumbuka mmene ndili mwana ndinkaimirira kumbuyo kwanu mukamatsegula wailesi kapena ayironi ya anthu? Munkati, "Choka apa iwe, magetsi alibe m'bale." Kenako munkaitana achimwene kuti adzaone, iwo maso ali kumpira. Iwo anakakhala dalaivala wa basi, ndipo mpaka lero babu likapsa amaitana munthu. Ine ndinkasuzumira m'kopemo inu mukachoka, osamva kanthu, koma mizere ija inkandikoka.

Ndinaliwerenga tsamba ndi tsamba, pamodzi ndi mapepala amene anabwera ndi zipangizozo, komanso makanema a pa foni a anthu amene anapangapo makina otere. Poyamba ndinachita zimene ndimadziwa. Ndinadula katoni molingana ndi m'kati mwa bokosi, ndinadula mapepala molingana ndi chipangizo chilichonse, n'kumawasuntha ngati ndikuyala patani pansalu. Zotentha ndinaziika pamwamba, fani yolowetsa mpweya pansi, potulukira mpweya pamwamba mbali inayo, monga munajambulira inu. Ndinaboola mabowo ndi chiboolera cha mkamwini wanu, ndipo loyamba linapita pambali chifukwa sindinayambe ndakhoma kadontho. Iwo anali chapatali akupala thabwa, osayang'ana, koma ndinamva akunena ngati akuuza thabwalo kuti, "Chitsulo amayamba achigogoda ndi msomali." Lachiwiri linakhala pamalo pake.

Waya aliyense ndinamupatsa nambala kumutu ndi kumchira, chifukwa patsamba loyamba la kope lanu munalemba kuti waya wopanda nambala ndi mlendo wopanda dzina. Anakwana makumi anayi ndi atatu. Ndinkagwira ntchitoyi madzulo ndikaweruka, dzuwa lisanalowe, komanso Loweruka masana. Zala zanga zimene zinazolowera singano zinaphunzira kusenda waya osadula timitsitsi tam'kati, ndi kumukoka pang'ono ndikamanga kuti ndione ngati wagwiradi.

Tsiku loyatsa koyamba ndinayeza paliponse ndi mita yoyezera magetsi, kawiri. Nyali zonse zinayaka zobiriwira, fani inayamba kupuma. Nditadina pa kompyuta yakale ya mdzukulu wanu, mlatho uja unasuntha. Bambo, ndinaseka ndekha ngati wamisala. Koma mota imodzi inkapita chakumbuyo, ndipo m'chisangalalo changa ndinazula mawaya ake kuti ndiwatembenuze magetsi ali chiyakire. Panamveka kuti thu, kenako kafungo kaja mumakadziwa bwino inu. Diraiva imodzi inapsa.

Mumsewu wa kumsika muli sitolo ya zamagetsi ya bambo wina amene anthu onse amangomutcha a Fyuzi. Ndinapita ndi kabokosi kakupsako. Anakanunkhiza n'kunena kuti, "Uzani amuna anu kuti mota sazula moto uli mkati."

"Amuna anga sanakhudzeko. Ndaotcha ndine."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye mwalowa m'gulu, mayi. Amene sanaotchepo kanthu timamutcha kasitomala."

Kuyambira tsiku limenelo akandiona amandikokera mpando.

Nditaika diraiva ina, zonse zinayenda. Makina ankajambula m'malere chilichonse ndawauza. Ndinamangirira pensulo m'malo mwa kampeni, ndipo anajambula chozungulira chokongola papepala, mzere n'kukathera ndendende pamene unayambira. Ndinati basi ndamaliza. Koma nditangoyatsa mota yaikulu ija kuti aseme pathabwa, anayamba misala. Chozungulira sichinkatsekeka, mzere unkathera pambali, kusiya mpata wolowa chala. Nthawi zina ankangoima okha pakati pa ntchito, kompyuta n'kunena kuti afika kumapeto kwa tebulo, pamene ali pakatikati. Ndikazimitsa mota yaikulu, nzeru zinkabwerera. Ndikaiyatsa, misala.

Masabata atatu, Bambo. Ndinamasula waya aliyense n'kumumanganso. Ndinayeza ndi mita, ndipo mita inkati zonse zili bwino. Chimene chinkandizunguza mutu n'chakuti mawaya a mota yaikulu sankakhudzana paliponse ndi mawaya a kathabwa kobiriwira. Nanga zinthu zosakhudzana zingasokonezane bwanji? Ndinkasoka mikono ya malaya ndikuganiza zimenezo, mpaka tsiku lina ndinasokera thumba kumsana kwa shati ya munthu. Kangapo konse ndinagwira foni kuti ndikufunseni, koma kufunsa kukanatanthauza kuulula zonse ziwiri, za kope ndi za dzanja. Ndinaibweza m'thumba.

Mkamwini wanu sankandiseka, koma ankatola matabwa amene ndaononga n'kumawaunjika bwinobwino pakhomo la shedi pamene ndingawaone. Tsiku lina anati, "Wantchito wanu uja amamwa, a Telala. Ndamuona mayendedwe."

Amene anandipatsa yankho ndi aneba athu, mayi achikulire a kuseri kwa mpanda, amene amakhala pakhonde tsiku lonse ndi kawailesi kawo ka mabatire. Loweruka lina anandiitana pampanda.

"Mwana wanga, kodi m'shedimo mwaikamo chiyani? Chikangoyamba kulira chinthu chanucho, wailesi yanga imangoti fwaa ngati mafuta pamoto. Sewero langa ndaliphonya kawiri."

Ndinayamba kupepesa, koma pakati pa kupepesako ndinaima. Wailesi yawo ndi ya mabatire. Palibe waya wochoka kwathu kupita kwawo. Ngati bokosi langa likutha kulowerera wailesi kudutsa mpanda wa njerwa, nanga kuli bwanji kawaya kakang'ono kamene kagona nalo limodzi m'bokosi momwemo?

"Amayi, mundibwereke wailesiyo pang'ono."

"Ukaikonze?"

"Ayi, ikandikonzere."

Anabwera nayo okha, poti sakhulupirira munthu pa wailesi yawo. Ndinayatsa mota yaikulu n'kuyamba kuyendetsa wailesiyo mozungulira bokosi ngati namwino akupima chifuwa. Pafupi ndi madiraiva inkalira pang'ono. Pafupi ndi inveta inkakuwa. Nditatsata chingwe chochoka ku inveta kupita ku mota yaikulu, inakuwa njira yonse mpaka kumapeto. Ndiye ndinaona chimene ndinachita. Pofuna kuti m'bokosi muoneke mwaudongo, ndinagoneka chingwe chimenecho mumsewu umodzi wa mawaya pamodzi ndi timawaya tating'ono tonyamula malamulo, n'kuzimanga pamodzi mokongola ngati mpendero wa diresi. Udongo wanga womwewo ndi umene unandipweteka.

Ndinabwerera m'kope lanu ndipo ndinapeza kuti zinalimo kale, kungoti sindinkadziwa kuti ndikuwerenga chiyani. M'zojambula zanu zonse mawaya amphamvu ali kumanzere, ang'onoang'ono kumanja, ndipo akafuna kudutsana amadutsana mopingasa, osayenda limodzi. A Fyuzi anandipezera chingwe china chokhala ndi ukonde wa timawaya tasiliva pansi pa khungu lake, n'kundiuza kuti ukondewo ndiumangirire ku thupi la bokosi, pamodzi ndi waya wa ethi, uja wopita m'nthaka, kuti phokosolo lizithawira pansi. Ndinamasula theka la ntchito yanga n'kuyambiranso. Aneba atabweranso ndi wailesi yawo, inatsika mawu, koma sinakhale chete, ndipo chozungulira chinatsala pang'ono kutsekeka, mpata wa chikhadabo.

Tsiku limenelo mkamwini wanu anasiya benchi imene ankakhoma n'kubwera kudzaima kumbuyo kwanga. Anayang'ana m'bokosi nthawi yaitali. Kenako analoza bawuti imene ndinamangapo mawaya onse a ethi.

"Ameneyu akuyenera kugwira chitsulo?"

"Eya."

"Ndiye sakugwira chitsulo. Akugwira penti. Guluu naye sagwira pa vanishi."

Ndinayeza ndi mita kuchoka pa bawutiyo kupita pa chitseko cha bokosi, ndipo zinali zoona. Ndinamasula. Iwo anatenga kachidutswa ka sandipepala, anatulutsa dzanja lija m'thumba, n'kuliika pamalopo. Linkanjenjemera ine ndikuona, aneba akuona. Anapala pentiyo mpaka chitsulo chinawala, ndipo ali mkati mopala anati, "Mwaona, pa sandipepala dzanja limeneli ndiye lafika pake. Likungopala lokha, ine sindikulituma."

Aka kanali koyamba kuti atchule za dzanjalo pamaso pa munthu wina. Ndinaseka, misozi ili m'maso, ndipo ndinanamizira utuchi. Aneba anangoti, "Amuna anga analinso nalo dzanja lotero, anakhala nalo zaka khumi ndi zisanu, ndipo ankathira shuga bwino kuposa tonse." Titamanganso bawutiyo n'kuyatsa, munthu wa m'wailesi anapitiriza kulankhula bwinobwino mota ikulira. Chozungulira chinatsekeka. Mkamwini wanu anayendetsa chala pamzerewo kufunafuna polumikizira, osapapeza.

Pali chinthu china chimene ndiyenera kukuuzani, ndipo ichi ndi chimene chandikakamiza kulemba. M'zojambula zanu zonse, magetsi asanalowe kwina kulikonse amayamba adutsa pa kontakita, swichi ija imene imadzigwira yokha munthu akadina batani lobiriwira, ndipo imasiya akadina lofiira kapena magetsi akathima. M'katoni ya dokotala munalibe chimenechi. A Fyuzi anati, "Zimenezo ndi za m'mafakitale, mayi, kamakina ka m'nyumba swichi wamba ikwana." Ndinatsala pang'ono kuwamvera, chifukwa kuiika kunafuna kuti ndisunthenso zinthu zitatu. Koma patsamba lina munalemba pambali pake kuti "Osasiya ichi", n'kudula mizere iwiri pansi mpaka cholembera chinaboola pepala. Ndinadikira masabata awiri kuti a Fyuzi aipeze, ndipo ndinaiika ndikung'ung'udza.

Mwezi watha tinkasema duwa pathabwa loyeserera, masana dzuwa lili phwee. Pakati pa ntchito magetsi anathima. Zonse zinaima, kampeni kali m'thabwa. Mkamwini wanu anachita zimene mmisiri aliyense angachite: anawerama, anauzira utuchi, n'kulowetsa zala kuti amve mmene kampeniko kadulira. Chala chawo chinali chitagwira kampeni komweko. Pamenepo babu la kudenga linayaka, firiji m'nyumba inayamba kulira. Magetsi abwera. Maso anga anathamangira pa chitseko cha bokosi, ndipo swichi ya mota yaikulu inali ikadali poyatsa, mmene tinaisiyira.

Bokosi linangokhala chete. Silinayake, chifukwa panalibe amene anadina batani lobiriwira.

Iwo sanazindikire n'komwe. Anapitiriza kupapasa n'kumati, "Apa kadula mozama kwambiri." Ine ndinakhala pansi pa utuchi. Atatembenuka n'kundiona, anayang'ana babu, anayang'ana swichi, anayang'ana zala zawo. Anakhala pansi pambali panga. Kenako anafunsa kuti, "Ndani anakuuzani zoika chimenechi?" Ndinalowa m'nyumba n'kukatenga kope lanu, poti ngakhale iwo sankadziwa kuti lili kuno. Anayang'ana mizere iwiri ija nthawi yaitali, kenako anati, "Muwalembere apongozi. Muwauze zonse, ndi zanga zomwe."

Musaganize kuti tsopano amawakonda makinawo. Amawatchabe wantchito wopanda maso, ndipo akunena zoona. Makina sadziwa kumene mitsempha ya thabwa yalowera, sadziwa mfundo, amangopita kumene auzidwa. Ndiye iwo ndi amene amasankha thabwa, kuliyang'ana, kuligoneka, n'kundiuza kuti duwa liyambire pati ndipo kampeni kalowe mozama bwanji. Ine ndimadina. Makina akachotsa zambiri, iwo amamalizitsa ndi sandipepala ndi tchizulo chaching'ono m'mawa, nthawi imene mankhwala agwira bwino ndipo dzanja lili phee. Chikwangwani cha sukulu ya mkaka chija anachisemanso, ndipo chili pageti la sukuluyo. Sabata ino alandira ntchito ya chitseko, yoyamba chiyambire matendawa. Dzulo ndinawapeza atakhala pa kompyuta okha, akudina ndi chala chimodzi cha kumanzere, ndipo atandiona anati ankangopukuta fumbi. Za mawa sitikuzidziwa. Adokotala a kuchipatala anati dzanja linalo nalo lidzayamba nthawi ina. Koma m'shedi mwayambanso kumveka phokoso mpaka madzulo.

Tsopano ndili ndi mafunso, ndipo ndawasunga nthawi yaitali. Loyamba: ukonde wasiliva uja, ndiumangirire ku ethi mbali imodzi yokha, ya kubokosi, kapena mbali zonse ziwiri, ndi ya kumota yomwe? A Fyuzi akuti imodzi, anthu a m'makanema ena akuti zonse, ndipo m'kope lanu tsamba limene likuoneka kuti linali ndi yankho linanyowa, inki inabalalika. Pakali pano ndamanga mbali imodzi ndipo zikuyenda, koma kuyenda kokha sikundikwanira, ndikufuna kudziwa chifukwa chake. Lachiwiri: phokoso limeneli, limene limadutsa mpanda popanda waya, kwenikweni ndi chiyani? Limayenda bwanji mumpweya? Ndafunsa anthu atatu ndipo aliyense amangogwedeza manja m'malere. Lachitatu: mizere iwiri ija munaidula tsiku lanji, ndipo chinachitika n'chiyani kuti cholembera chiboole pepala? Pali munthu amene zala zake sizinapulumuke? Simunatiuzepo nkhani za kuntchito kwanu, ndipo ine ndazindikira kuti sindikukudziwani bwino mmene ndinkaganizira.

Ndili ndi pempho limodzi. Achimwene akapeza tchuthi, abwere nanu kuno, ndi mlamu yemwe. Misewu ya mawaya m'bokosimo ili ndi zivundikiro zake, koma sindinazitseke, zili m'katoni. Ndikufuna muyambe mwadutsamo ndi zala zanu, waya ndi waya, magetsi titazimitsa. Maso safunika pamenepo, manambala ndidzakuwerengerani ine. Mukapeza polakwika mudzandiuze mosabisa, ngati mmene mukanauzira wophunzira wanu aliyense. Kope lanu mudzalitenga pobwerera. Ndakopera zonse m'langa, ndipo ndayamba kuwonjezeramo zanga.

Mundiperekere moni kwa achimwene, muwauze kuti kuno ndili ndi madalaivala atatu m'bokosi ndipo palibe amene amapempha tchuthi. Moni kwa ana onse. Mdzukulu wanu ali bwino kusukulu, amatiimbira foni Loweruka lililonse, ndipo za bambo ake tinamuuza mwezi watha. Analira, kenako anafunsa ngati kompyuta yake tikuisamala. Aneba akuti ndikupatseni moni ngakhale sakukudziwani, akuti munthu wobereka mwana wobwereka wailesi kuti akapimire bokosi ayenera kuti ndi wosangalatsa kucheza naye. Mlamu, zikomo powerenga mpaka pano. Mukadzabwera mudzabweretse nsalu iliyonse imene mukufuna, ndidzasoka ndili chete inu mukundinena.

Mkamwini wanu anati nkhani yonse ndifotokoze ine, koma moni alemba okha m'munsimu. Anakana kuti ndiwagwirire pepala. Mlamu, zilembo zake mudzaziona mmene zilili. Muwawerengere Bambo pang'onopang'ono, chifukwa mizere iwiri ya moniyo yawatengera m'mawa wonse.

Ndine mwana wanu wamkazi,
wachiwiri kubadwa.

Moni apongozi. Pepani pobisa. Bwerani mudzaone ntchito ya mwana wanu, ine ndaiona ndipo ndi ya mmisiri.